Zokonda za Esitere

Achimwene anga a Obadiya ndi munthu woti akafuna kukupempha mchere amayamba ndi kufunsa za mvula ya chaka chatha. Ndiye tsiku limene anasiya makina awo osokera pakhonde la golosale, n'kuwoloka msewu kubwera kukalesitilanti kanga dzuwa lili paliwombo, ndinadziwa kuti nkhani ilipo. Anakhala pabenchi, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kuchitembenuzatembenuza. Ine ndinapitiriza kupala mang'ina anga. Pa Malomo ponse palibe wophika mang'ina woposa ine, ndipo sindikudzitama ayi, kafunseni madalaivala a minibasi.

"Hana," anatero atatsokomola, "mtedza chaka chino wachita bwino."

"Achimwene, inu mtedza simulima. Nenani chimene mwadzera, makala anga akutha."

Anayang'ana kukhomo ngati kuli wina wobisala, kenaka anatsitsa mawu. "Ndamva kuti aNambewe akusamuka."

ANambewe ndi Esitere, mnzanga wa ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu. Amuna ake, a Malizani, amene anali mlimi wa fodya wodziwika kumtunda uko, anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo akuchimuna anamusudzula bwinobwino, kotero kuti anali mfulu kukwatiwanso. Koma mwana wake wamwamuna, Madalitso, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anali atanena kuti mtedza ukangotha kuthothola adzabwera ndi galimoto kudzatenga matumba pamodzi ndi mayi ake, azikakhala nawo kutauni n'kumalera zidzukulu.

Achimwene nawonso anali okha, alamu anga anatisiya kalekale. Maso ndili nawo ine. Ndinkaona kuti bulauzi ya Esitere ikafika pamakina inkasokedwa tsiku lomwelo, pamene mathalauza a anthu ankagona m'thumba mpaka eni ake kunenepa. Koma pakamwa pawo sipanatulukepo liwu, kupatula moni ndi mtengo wa ulusi.

"Ndiye mwadzuka lero?" ndinatero. "Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene. Mtedza uli kale pabwalo."

"Ndikufuna ndikawaone Loweruka. Koma munthu supita chimanjamanja. Iwe umawadziwa. Kodi amakonda chiyani?"

Funso limeneli linandikomera kwabasi. Ine kulangiza anthu ndimakukonda kuposa tiyi, ndipo ambiri amene anandimvera sanadandaulepo. Ndinapukuta m'manja n'kukhala nawo pabenchi.

"Mwafunsa mwini wake. Mang'ina. Tsiku lililonse la msika, zaka zonsezi, Esitere ankabwera pano ndi kambale kake kobiriwira kovundikira. Mawu ake ndimawadziwa ngati pemphero: 'Awiri ofewa, msuzi wambiri, kambuzi musaumire.' Mvula, dzuwa, sankaphonya."

"Nanga masiku ano bwanji sabwera?"

"Umasiye, achimwene. Munthu wamasiye amadzimana. Mukawatengera mang'ina muwakumbutsa masiku abwino."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anati chakudya chokha sichikwana, amuna a masiku ano amatenganso kanthu konunkhira. Ndinatseka mphika n'kuwaperekeza kwa Rodrick, amene ali ndi kashopu pafupi ndi siteji ya minibasi. Rodrick amatchaja mafoni, amaika mafilimu m'timakhadi ta m'foni, ndipo pashelefu ali ndi timabotolo ta perefyumu tondandalika ngati mankhwala a kuchipatala. Munthu wake ndi wolongolola ngati ine, n'chifukwa chake sitigwirizana kwenikweni.

"Amayi a kumtunda aja? Madala, mwafika penipeni, ameneyo anali kasitomala wanga," anatero Rodrick. Sanachite kufunafuna, anangotambasula dzanja n'kutsitsa kabotolo kofiirira. "Fodya akagulitsa, iyi. Khirisimasi, iyi. Zinazi sankazinunkhiza n'komwe."

Achimwene ananunkhiza n'kuyetsemula. "Si yachimuna imeneyi?"

"Fungo la masiku ano lilibe mwamuna kapena mkazi, madala. Ndipo mudzipopereko nanunso, kuti akangomva adziwe kuti mwafika munthu womvetsa zinthu. Mafilimu nawo ndikuikirani. Ankatenga a nkhondo okhaokha, asilikali a m'nkhalango, omasuliridwa m'Chichewa. Ankachita kunena kuti kuwomberana kukhale kwambiri."

"Mayi ofatsa ngati amene aja?" anadabwa achimwene.

"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina," ndinawayankha ine, ndipo kamodzi kokha m'moyo ine ndi Rodrick tinagwirizana.

Loweruka tinanyamuka titadya chamasana. Ndinapita nawo chifukwa mwamuna wa mpingo sangakwere yekha kunyumba ya mayi wamasiye, anthu a kwathu malilime ndi atali. Ndinasenza kamphika ka mang'ina kokulunga m'chitenje, kambuzi ndisanaumire monga mwa lamulo. Achimwene anavala jekete yawo ya Mgonero, ndipo anali atadzipopera perefyumu uja ngati akupopera mbozi m'munda wa tomato. Kamphepo ka Juni kankatsika m'mapiri n'kumandikankhira fungo lonse kumaso. Atsikana amene tinawapeza pamjigo anasiya kupopa madzi n'kutiperekeza ndi maso mpaka pokhota.

Panyumba pa Esitere pali galu wokalamba dzina lake Sajeni, amene a Malizani anamusiya. Galu ameneyu ndi woipa mtima. Abusa anawang'ambirapo mkanjo, ndipo ife a Chigwirizano tikamapita kumeneko timayamba kuodira tili kutali. Tsiku limenelo anatuluka kuchigafa cha fodya akuuwa monga mwa masiku onse, koma atafika pafupi anaima, n'kukweza mphuno. Kenaka anayamba kulira ngati kamwana, mchira uli pukupuku, n'kuwadumphira achimwene pachifuwa, kuwanyambita m'manja, kugubuduka pamapazi pawo.

"Mwaona?" ndinanong'ona. "Ngakhale galu wavomera."

Esitere anali pamphasa pafupi ndi mulu wa mtedza, akuthothola. Anadzuka akumwetulira, akusasa chitenje chake, koma atangoyandikira kuti atipatse moni kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana galu, n'kuyang'ana achimwene, dzanja lake lili m'malere. Ine ndinati ndi manyazi. Anatilowetsa m'nyumba, n'kuwalozera achimwene mpando waukulu wa pakona, ndipo Sajeni, amene saloledwa m'nyumba, analowa yekha n'kugona pamapazi pawo.

Titafunsana za moyo, ndinamasula chitenje n'kuvundukula kamphika. "Achimwene akuti musaiwale kukoma kwa dziko, anzanga."

Esitere anayang'ana mang'ina aja nthawi yaitali. "Zikomo," anatero, n'kunyamula kamphikako kupita nako kukhitchini. Posakhalitsa anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada, n'kuwasambitsa achimwene. Mang'ina onse anawaika patsogolo pawo m'kambale kobiriwira kaja, iye n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Nanga inu, mayi?" anafunsa achimwene.

"Ndadya kale, atelala. Idyani."

Achimwene tsabola samutha, koma anadya mwaulemu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Atatha anatulutsa kabotolo kaja n'kukapereka ndi manja awiri. Esitere anakalandira osakatsekula, n'kukaika pawindo. Ndinayamba kuona kuti zinthu zikuyenda mozizira, ndiye ndinawagunda achimwene ndi chigongono kuti atulutse chida chomaliza. Esitere anachotsa nsalu imene inaphimba tivi, n'kulumikiza mawaya kubatire ya sola mosafunsa munthu, ngati wozolowera. Mfuti zinayamba kulira, womasulira akukuwa kuti, "Wafa ameneyo, wafa!" Sajeni anapumira m'mwamba mokhutira n'kutseka maso. Ndipo Esitere anadzuka mwakachetechete n'kutuluka.

Ndinadikira pang'ono, kenaka ndinamutsatira. Ndinamupeza pamphasa paja, chitsa cha mtedza chili m'manja koma osathothola. Misozi inkangotsika yokha, nkhope ili phee.

"Anzanga, talakwa chiyani?"

"Hana, mwandibweretsera a Malizani," anatero. "Fungo lawo, chakudya chawo, phokoso lawo. Mwawakhazika pampando wawo. Ngakhale galu wawazindikira."

Ndinakhala naye pamphasapo. Komabe ine si munthu wogonja msanga. "Koma mang'inawo munkagula ndinu. Ndi pakamwa panu munkati kambuzi ndisaumire."

"Ndinkatumidwa. Kambuzi amandipatsa chilungulira. Mang'ina anuwo sindinalawepo n'kamodzi komwe."

Mawu amenewa anandilasa, sindibisa. Zaka zonsezi ndinkamusankhira ofewa, n'kumauza makasitomala kuti ngakhale amayi a Chigwirizano amatsika phiri chifukwa cha mphika wanga.

"Perefyumuyo amandiwawitsa mutu," anapitiriza. "Mafilimuwo ankati akayamba, ine ndiye nthawi yanga yokatereka madzi. Musandimve molakwa, sanali munthu woipa. Sanandimenyepo, ana anawaphunzitsa, ndipo ndinawalira ndi mtima wonse. Koma atapita mutu wanga unasiya kuwawa, ndipo ndinachita manyazi kuuza munthu."

"Nanga osanena bwanji nthawi yonseyi?"

"Munandifunsa?"

Kwathu kuno mkazi akanyamula chinthu kumsika sitifunsa kuti n'cha yani, timangoti akudziwa kusamala pakhomo. Ndi mmene anatilangizira tonse. Ndiye ngati pali wolakwa ndi Malomo yense, osati ine ndekha.

Mfuti zinali zitasiya kulira. Nditatembenuka ndinaona achimwene ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, galu atawatsamira mwendo. Anali atamva zonse. Esitere anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuwayang'ana mosaopa.

"Atelala, ndinu munthu wabwino, ndipo chimene mwadzera ndachidziwa. Koma ntchito imeneyi ndinaigwira kale, ndinaimaliza. Ngati n'kuyambiranso pomwe paja, bola ndipite ndikalere zidzukulu."

Achimwene anangoti, "Ndamva, mayi. Pepani." Anatenga kabotolo kaja pawindo n'kukaika m'thumba. Sajeni anatiperekeza mpaka kumjigo akulira, mpaka ndinachita kumuthamangitsa ndi chibuma.

Ine ndi achimwene tinatsika kubwerera pa Malomo. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa munthu amene watenga zaka kuti atsekule pakamwa, akamenyedwa pamlomo tsiku loyamba sabwereza. Mawa lake jekete ija inali pachingwe, ndipo inakhala pamenepo masiku angapo ikuchapidwa mobwereza. Fungo lija linali louma mutu ngati mwini wake wakale.

Ine sindinagone tulo tabwino, ndiye ndinakonza nzeru zina. Ndinawoloka msewu n'kukaima pamakina pawo. "Achimwene, ndaganiza. Esitere ali ndi mng'ono wake ku Mvera, nambala ndingaipeze. Komanso amayi a Chigwirizano..."

"Hana," anandidula, phazi likupalasabe makina, "amati safunsa anadya phula. Ine ndafunsa Malomo yense, koma phula ndadyabe. Alangizi andikwana."

"Ndiye mungowasiya apite?"

Anamaliza mpendero umene ankasoka, n'kudula ulusi ndi mano, n'kuphimba makina. Kenaka anadzuka mmene analili, malaya a ntchito, tepi ili m'khosi, n'kuyamba kuloza njira ya kumtunda. Ndinathamanga kukauza mnzanga wogulitsa mandasi kuti andionere mphika, n'kuwatsatira ndikupuma wefuwefu. Manja awo anali lendelende, opanda ngakhale shuga wa papepala, ndipo ine manyazi anandigwira m'malo mwawo.

Ulendo uno Sajeni sanachedwe. Anatuluka kuchigafa ngati mphezi n'kugwira mwendo wa thalauza, n'kuung'amba mpaka m'bondo. Achimwene anavina gule amene sindinamuonepo chibadwire, akukuwa kuti, "Choka! Choka iwe!" Ndiye ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala, kuseka kwa Esitere. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, akumukalipira galuyo mawu osatuluka bwino.

"Lero wakudziwani kuti ndinu mlendo," anatero.

"Ndi zoona, mayi, ndine mlendo. Thalauzali musadandaule nalo, telala ndimamudziwa."

M'nyumba anakana kulowa. Anakhala pansi pafupi ndi mulu wa mtedza, bondo lili pamtunda, n'kutola chitsa n'kuyamba kuthothola. Ine ndinakakhala mbali ina ya mulu, maso kumtedza, makutu kwa iwo.

"ANambewe," anatero achimwene, "ndinalakwa njira. Ndinazungulira mudzi wonse pamene khomo lili pompano. Kodi inuyo mumakonda chiyani?"

Esitere anasiya kuthothola. Anayang'ana kuphiri, n'kuyang'ana manja ake. Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wapisa m'thumba n'kupeza kuti ndi lobooka.

"Sindikudziwa," anatero. "Zoonadi, atelala, sindikudziwa."

Mtima wanga unawawa pamenepo kuposa tsiku la mang'ina lija. Mayi wa imvi, wolera ana mpaka kukula, wodziwa chimene aliyense pakhomo pake amakonda, osadziwa chake. Ndinafuna kumuthandiza ndi mayankho, ndipo ndinali nawo ambiri, koma achimwene anandiyang'ana ndi diso limene ankandiyang'ana nalo tili ana ndikafuna kuulula chinsinsi.

"Palibe kanthu," anatero. "Mukakumbuka mundiuze. Ndibweranso."

Anabweradi, madzulo aliwonse dzuwa likapendeka, ndipo makasitomala a mathalauza anazolowera kupeza makina ataphimbidwa. Ine ndinkapita nawo ndikapeza wondionera mphika. Chimene chinkandikwiyitsa n'chakuti achimwene ndi munthu wa manja achangu, ndiye mulu wa mtedza unkatsika mooneka.

"Mukuthamangira kuti?" ndinawakalipira tsiku lina tikutsika. "Simukudziwa kuti mtedzawo ukatha galimoto ibwera? Mukudzikumbira nokha dzenje."

"Ndikachita ulesi dala ndiye kuti ndawanamiza," anatero. Anthu oona mtima amatopetsa. Koma ndinazindikiranso kuti Esitere, amene kale ankathothola ngati makina, masiku amenewo chitsa chimodzi ankachisisita ngati akuchotsa nsabwe m'mutu mwa mwana.

Zokonda zake zinkabwera pang'onopang'ono, mosayembekezeka. Tsiku lina ali pakati pa nkhani ya mtengo wa feteleza anangoti, "Futali. Koma wogona, wozizira, wodya m'mawa ndi supuni." Achimwene sanandiuze kanthu. Anakagula mbatata ndi nsinjiro n'kuphika okha, ine katswiri ndili tsidya la msewu. Chimene anatenga m'mawa mwake chinali chamadzimadzi, mbatata zina zosapsa. Esitere anadya masupuni angapo n'kuima.

"Mchere wachuluka, atelala. Futali safuna mchere wotere."

Ananena yekha n'kudzidzimuka yekha, dzanja pakamwa. Ndikhulupirira kuti chikhalire anali asanauzepo mwamuna kuti chinthu sichinakome. Achimwene anasangalala ngati awayamikira. Anati ayesanso, ndipo anayesadi, mpaka unayamba kufanana ndi futali.

Za fungo anakumbuka mochedwa. Anati ali mtsikana ku Mvera, kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi ena kunali mtengo wa mandimu, ndipo nyengo yotentha ukachita maluwa iye ankazungulira njira dala popita kusukulu kuti adutse pamenepo. Atakwatiwa anadzala wake, koma unadulidwa pomanga chigafa. Achimwene anapalasa njinga mpaka kwa munthu wina wa nazale n'kubwera ndi mbande ya mandimu m'chubu chakuda, kamtengo kosafika m'bondo.

"Umenewu umatenga zaka kuti uchite maluwa," anatero Esitere.

"Ndikudziwa, mayi."

"Ikani pakhondepo."

Unakhala pakhonde pomwepo. Ankauthirira, koma osaudzala, ndipo ine ndinkati ndikafika diso langa loyamba linkapita pamenepo. Mbande ya m'chubu imakwera galimoto mosavuta.

Filimu ndiyo inavuta. Esitere anati m'moyo wake wonse sanaonerepo filimu mpaka kumapeto. Koma ilipo imodzi imene inamukhala mumtima. Chaka china a Malizani ali ku okushoni, Rodrick anasokoneza n'kuika filimu ina pakati pa za nkhondo zija. Munali mayi wina amene ankapita kusiteshoni ya sitima tsiku ndi tsiku ndi ambulera yachikasu, kudikira munthu wake. Esitere anakhala pansi yekha n'kuonera, koma ili pakati anamva njinga yamoto panja, n'kudzuka kukatereka madzi osamba. Pobwerera anapeza mfuti zikulira. Dzina la filimuyo sankalidziwa.

"Mpaka lero ndimadzifunsa ngati munthuyo anabwera," anatero.

Achimwene anakhala kwa Rodrick masiku angapo akufufuza pakompyuta. Rodrick anadandaula kuti akumuthawitsira makasitomala ndi mafilimu olira, koma nkhani yonse atayimva anachita manyazi n'kusiya kulongolola. Mtedza unatha, unauma, unalowa m'matumba. Madalitso anaimba foni kuti abwera Loweruka. Lachisanu madzulo ndi pamene Rodrick anawoloka msewu akuthamanga, kakhadi kali m'manja, akuti wapeza ya mayi ndi sitima.

Loweruka tinakwera m'mawa. Matumba a mtedza anali atasanjidwa pakhonde, ndipo pambali pake panali chikwama chachikulu chomangidwa bwino, ndi mbande ija. Nditaona chikwamacho mtima unagwa. Achimwene anachionanso, koma anangovula chipewa n'kunena kuti abwera ndi filimu ija, kuti mayi asapite ndi funso kutauni.

Mpando waukulu wa pakona anaukana, anakhala pakabenchi. Sajeni anatsala panja akung'ung'udza. Esitere anakhala pamphasa patsogolo pa tivi, miyendo atatambasula, ine pambali pake. Filimu itayamba pang'ono anapukusa mutu.

"Si imeneyi. Uja anali wamfupi, ndipo ambulera palibe."

Achimwene anagwa nkhope n'kudzuka kuti azimitse.

"Isiyeni," anatero Esitere. "Nayenso akudikira. Tione ngati wakeyu abwere."

Tinaonera. Ndivomere kuti filimu inali yabwino, ngakhale mayiyo ankalira kwambiri kuposa mmene nkhani inkafunira. Esitere sankaphethira. Ankamulangiza mayi wa m'filimuyo, kumukalipira, kumuuza kuti avale juzi kukuzizira. Dzuwa linakwera, nthawi yotereka mphika inakwana n'kupitirira, iye osaona. Ndiye pamene sitima ina inkalowa m'siteshoni, mayi uja n'kuimirira, panja panalira hutala. Sajeni anayamba kuuwa, ndipo tinamva mawu a Madalitso akuodira.

Thupi la Esitere linadzuka lokha. Dzanja linali kale pansi, bondo limodzi m'mwamba, chitenje akuchimanga, monga wachitira moyo wake wonse mwamuna akafika pakhomo. Achimwene anangoyang'ana chipewa chawo. Esitere anakhala choncho, theka ataima theka atakhala, akuyang'ana kukhomo, kenaka kutivi, kenaka kwa achimwene.

Anabwerera pamphasa n'kutambasulanso miyendo.

"Hana, anzanga, kamulandireni mwanayo. Mumuuze akweze mtedzawo. Chikwamacho achisiye. Akamaliza andikumbire dzenje kuseri kwa nyumba, mandimu aja akhalitsa m'chubu."

Achimwene anatsokomola, n'kutsokomolanso, n'kuyamba kupukuta m'maso akunamizira fumbi la mtedza. Ine chimwemwe chinandikwera mpaka kukhosi, koma nthungululu ndinaimeza kuopa kusokoneza filimu. Ndinatuluka.

Madalitso anali ataima pagalimoto, akumuopseza Sajeni ndi kiyi. Anandipatsa moni mwaulemu n'kufunsa kuti amayi ali kuti. Ndinamuuza uthenga wonse mmene unalili, osaonjezera, chinthu chimene kwa ine n'chovuta. Anayang'ana chikwama, n'kuyang'ana mbande, n'kusuzumira pawindo. Anaona mayi ake ali pamphasa akuloza tivi, ndi atelala a pa Malomo ali pakabenchi.

"Amayi akuonera filimu?" anafunsa. "Amayi sakonda mafilimu."

"Unawafunsa?" ndinatero. "Ukawafunse wekha, koma udikire ithe. Khasu lili m'chigafamo."

Anakanda m'mutu, n'kuvula wotchi, n'kupita kukatenga khasu. Mkwiyo sindinauone pankhope pake, koma kudabwa kokha, ndipo nkhani za ankhoswe zinadzayenda bwino pambuyo pake. Tsikulo alendo anafunika kudya, ndipo mwini khitchini anali wotanganidwa, ndiye amene anakoleza moto n'kusenda mbatata ndi ine. Ndili mkati mosinja nsinjiro ndinamva Esitere akuomba m'manja m'nyumba, koma sindinadziwe ngati kunali kukondwa kapena kudandaula.

Atatuluka maso ali ofiira, ndinamukokera pambali. "Tandiuzani, anzanga. Anabwera munthuyo?"

Anandiyang'ana, n'kumwetulira, n'kulawa futali wanga ndi nsonga ya chipande.

"Mukaonere nokha, Hana, mukhale pansi mpaka ithe," anatero. "Ndikukulangizani ine. Ndi yabwino."